Kompyuta Yovala Chitenje

Abambo anga anakalambira pa chiwongolero cha thiraki. Ankanyamula fodya, feteleza, simenti, chilichonse chimene abwana awo awapatsa, n'kudutsa nacho pa boda ya Mchinji kupita ku Chipata ndi ku Lusaka, ndipo ankabwerako ndi nkhani zosatha. Nyumba yathu ili m'mphepete mwa msewu waukulu wopita ku bodako, moti tili ana tinkazindikira kulira kwa thiraki yawo isanaoneke n'komwe.

Kenako matenda a shuga anawadulitsa phazi lakumanja, ntchito n'kuthera pomwepo. Bala linapola bwinobwino, ndodo anazizolowera, koma munthu uja sanabwerere. Anzawo akamadutsa pamsewu ankaliza hutala kuwapatsa moni, ndipo iwo m'malo mokweza dzanja ankangoyang'ana pansi. Tsiku lina anauza amayi kuti awanyamulire mpando wawo kuchoka pakhonde, akauike kuseri kwa nyumba pafupi ndi khola la nkhuku, kumene msewu suoneka. Ankakhala kumeneko tsiku lonse ali duu. Bambo amene kale tinkachita kuwapempha kuti atonthole kuti timveko wailesi! Zinkandipweteka koopsa, ndipo ine mtima ukamandipweteka ndimalusa, choncho masiku amenewo ndinkakalipira aliyense, ndi nkhuku zomwe.

Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ya ma ejenti pa boda, amene timakonzera madalaivala mapepala a katundu. Chaka chimenecho abwana anagula makompyuta atsopano, ndipo yakale imene ndinkagwirira ntchito anati ndiitenge chifukwa inkangodya malo. Inali ija ya chibokosi chachitsulo, yolemera, yakuda koma itatuwa ndi fumbi la mathiraki. Ndinaikweza pa kabaza, wakabazayo akudandaula njira yonse kuti ndamukwezera mwala.

Magemu ine ndimawakonda, ndipo amene amati ndi za anyamata azinena, pakamwa ndi pawo. Mnzanga wa mu ofesi anali atandiikira pa fulashi gemu yoyendetsa thiraki. Umakhala m'kati mwa thirakiyo, umakoka tirela yodzaza katundu, umapita nayo kumene watumidwa, ukafika umaimika bwino. Ndinaiika mu kompyuta ija Loweruka lina masana, pabalaza, ndisakuganiza za abambo n'komwe. Nditangoliza injini, sipika inabangula, ndipo patangopita kanthawi ndinamva ndodo zikugogoda pansi kuchokera kuseri. Abambo anaima pakhomo la pabalaza akuyang'ana sikirini.

Koma ayi, chimene anaona chinali chochititsa manyazi. Chithunzi chinkayenda modukizadukiza. Thiraki ili apa, yaima, kenako mwadzidzidzi ili uko yagunda kale mtengo. Mitengo yakenso inali ngati yodulidwa pa katoni.

"Imeneyi ndi thiraki kapena chule?" anafunsa abambo. "Bwanji ikudumpha?"

"Ndi kompyutayi abambo, yakalamba."

"Basi tili awiri," anatero, n'kubwerera kuseri kwawo.

Amayi ndi ine tinayang'anana. Munthu anali atalowa pabalaza masana, n'kulankhula mawu otha kuwerengeka, ena mwa iwo achipongwe ngati kale. Ndinadziwa pomwepo kuti chule ameneyu ndimusandutsa thiraki, zivute zitani.

Bambo wina wokonza makompyuta pa boma anandifotokozera vuto lake. M'kati mwa bokosi muja muli khadi imene imajambula zithunzi zonse zooneka pa sikirini, anyamata amaitcha girafikisi. Yanga inali kakhadi ka mu ofesi, kokwanira kulembera makalata basi. Anati ndipeze yaikulu, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ndisinthenso kabokosi kogawa magetsi m'katimo, chifukwa khadi yaikulu imadya moto wambiri. Anandilembera mtundu wake pa foni. Ku Mchinji kunalibe, koma munthu wogwira ntchito pa boda sasowa njira. Dalaivala wina wachikulire, mnzawo wa abambo wakalekale, anakazipeza ku Lusaka. Anabwera nazo m'thiraki atazikulunga mu thaulo lake losambira, ndipo anaonjezapo chiwongolero chapulasitiki chamagemu chimene anachiona pa kaunjika. Nditayamba kuthokoza anandidula. "Iwe mwana, ingowauza bambo akowo kuti hutala wanga akuwadandaula."

Khadiyo ndinaika ndekha, nditayala mkeka pabalaza, foni ili pambali ikundionetsa kanema wa kachitidwe kake. Ndinazula mawaya onse, ndinamasula zomangira, n'kuchotsa chitsulo cham'mbali. Fumbi limene linali m'menemo, mukanabzalamo mtedza. Ndinalipukuta ndi kaburashi, ndinasintha kabokosi ka magetsi kaja, ndinazula kakhadi kakale kamene kanatuluka mosavuta ngati dzino la mwana. Kenako ndinatulutsa yatsopano mu thaulo muja. Maine! Chinali chikhadi, chachitali, cholemera, chokhala ndi mafani awiri ake. Ndinachilozetsa pamalo pake, koma kumapeto kwake chinkagunda kachitsulo kogwira hadidisiki, chosungira mafayilo a mu kompyuta. Ndinayesa chopendeketsa, ndinayesa kuchinyengerera, ndinachitukwanako pang'ono, osatheka. Komanso waya wake wa magetsi unkatulukira m'mbali, moti chitsulo chotsekera chija sichikanabwerera pamalo pake.

Ndinanyamula bokosi lopanda kanthu ulendo kumsika, kwa bambo amene amakhoma mbaula ndi zidebe. Anamvetsera, anayeza ndi chala, n'kutenga lumo lake la malata. Anadula kachitsulo kotchinga kaja, ndipo pa chotsekera cham'mbali anaboola zenera lalikulu ngati mbale yodyera. Nditabwerera kunyumba khadi inalowa n'kumveka kuti khethe. Ndinalumikiza waya, ndinatseka. Pa zenera paja mafani ankaoneka, mawaya ofiira ndi achikasu ali pamtunda.

Amayi anawerama n'kusuzumira. "Nanga matumbo onsewa azikhala choncho, alendo aziona?"

"Azikhala choncho amayi. Ndipo chonde, pasapezeke woikapo kanthu. Ndanena."

Ndinanena choncho chifukwa amayi anga ndimawadziwa. Kwathu chilichonse chamtengo chimavala. Wailesi ili ndi kansalu kake koluka, TV ili ndi kake, filiji ili ndi kake, ngakhale shelefu ya mbale. Amaluka okha, ndipo amati chinthu chosafunditsa ndi chinthu chopanda mwini. Anangoti "Hmm," n'kupita kukhitchini, ine n'kumati ndapambana.

Bokosi ndinaliika pansi pa tebulo, chiwongolero ndinachimangirira pamwamba. Popeza abambo analibe phazi lopondera, moto ndi buleki ndinaziika pa timabatani ta pa chiwongolero pomwepo. Nditayatsa gemu, ndinakuwa ndekha. Msewu unali myaa, thiraki ikuyenda ngati thiraki, mvula ikugwa pa galasi, mawaipa akupukuta, magalasi am'mbali akuonetsa tirela yonse mpaka kumchira. Sindinawaitane abambo. Ndinangokweza sipika.

Anabwera. Anaima kanthawi, kenako anandigunda ndi ndodo pamwendo. "Tadzuka. Ukuitha kilatchi."

"Ilibe kilatchi abambo."

"Ukuithabe. Dzuka."

Anakhala pampando, anagwira chiwongolero chija ndi manja awiri, n'kuchipukusa uku ndi uku kuti amve kulemera kwake. Anati n'chopepuka ngati chivundikiro cha poto, koma sanachisiye. Vuto loyamba linali lakuti gemuyo inayambira m'dziko limene magalimoto amayenda kumanja kwa msewu. Abambo anakana. Analowa kumanzere monga mwa Malawi ndi Zambia, magalimoto onse akubwera kutsogolo kwawo, iwo akuliza hutala n'kumakalipa kuti dziko lonseli laledzera. Ndinaseka mpaka m'mimba kuwawa. Ndinawapezera dera lina mu gemumo kumene amayenda kumanzere ngati anthu, mtendere n'kubwera.

Atafika kumene ankapereka katundu, panafunika kubweza tirela chambuyo kulowa pakampata kopapatiza. Ine pamenepo ndinkagunda mpanda nthawi zonse. Iwo anayang'ana galasi lakumanja, lakumanzere, anapotoza pang'ono, lilime lili pakona ya mlomo monga ankachitira kale, tirela n'kulowa mwakamodzi. Anaomba m'manja okha n'kuseka, kuseka kwenikweni kotulutsa mano onse. Amayi anathamanga kuchokera kukhitchini ali ndi chipande m'manja, kuganiza kuti kwagwa china.

Lolemba ndinapita ku ntchito mtima uli mbee, nditawaonetsa poyatsira. Pobwera madzulo ndinapeza pabalaza pali zii. Abambo anali kuseri, pa khola la nkhuku.

"Yazima," anatero osandiyang'ana.

Anafotokoza kuti anayenda pang'ono chabe, bokosi linayamba kulira kwambiri, kenako sikirini inada. Ndinaganiza kuti ndi magetsi, pajatu kwathu kuno amabwera ndi kupita mmene afunira. Ndinayatsa, inayaka bwinobwino. Ndinayendetsa mpaka nthawi ya chakudya, osazima. Mawa lake chimodzimodzi. Iwo akayendetsa masana inkazima katundu asanafike, ine ndikabwera inkayenda ngati yatsopano. Ndinasintha soketi. Ndinazula khadi n'kuibwezeranso. Ndinanyamula bokosi lonse kupita nalo kwa wokonza uja pa boma, analiyatsa tsiku lonse, n'kundiuza kuti lilibe vuto lililonse. Wogulitsa wa ku Lusaka, amene sindinamuonepo, ndinamutukwana mumtima mpaka kwa agogo ake, munthu wosalakwa.

Abambo anayesa masiku angapo, kenako analeka. Ndinawapeza kuseri madzulo ena akuponyera nkhuku madeya, ndinawapempha kuti ayesenso mawa.

"Usadzivutitse mwana wanga," anatero mofatsa. "Ikakhala ndi iwe ikuyenda. Ikangoona ine, ikuzima. Nayonso yadziwa kuti ndinatha ntchito."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinali nditawatulutsa munthu kuseri kuja n'kuwaseketsa, ndiye chinthu changa chomwecho n'kuwabwezerako ali wosweka kuposa poyamba. Ndinalowa kuchipinda n'kulira, ndipo potuluka ndinakalipira mphaka.

Chinatipulumutsa ndi netiweki ya pa boda. Tsiku lina inagwa m'mawa, mathiraki anandanda mpaka kutali, ntchito osagwirika, abwana n'kutiuza kuti tizipita kwathu. Ndinafika kunyumba dzuwa lisanafike pamutu, nthawi imene sindifikako. Unali mwezi wa Okutobala, kutentha koti ngakhale agalu osauwa. Ndinalowa pabalaza, ndinavula nsapato, ndipo powerama kuti ndiziike pansi pa tebulo ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala.

Kompyuta inali itavala chitenje. Osati kungofunditsa pamwamba ayi. Inakulungidwa bwinobwino kuzungulira kawiri, zenera lija litatsekedwa, kumbuyo kotulukira mpweya kutatsekedwa, nsonga zitamangidwa mfundo pambali monga amamangira mayi wopita ku ukwati. Chinali chitenje chatsopano, cha maluwa abuluu, chimene amayi ankachisunga m'sutikesi. Pamwamba pake panali kansalu koluka koyera, ndipo pamwamba pa kansaluko kabotolo ka maluwa apulasitiki.

"Amayi!"

Anatulukira akupukuta manja. Ataona pamene ndaloza, nkhope inasintha ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mu shuga.

"Wabwera msanga bwanji?"

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi chitenje, sukuchiona?"

"Ndinati chiyani ine tsiku lija?"

"Unati pasaikidwe kanthu. Ndiye ndimachotsa iwe usanabwere, kuti tisakangane. Pakamwa pakopo ndimapadziwa." Anaimika manja m'chiuno. "Iwe ukufuna chinthu chochokera ku Lusaka, chimene chaseketsa bambo ako, chizikhala chobooka pamimba fumbi lonseli likulowa? Mathiraki akadutsa apa, ngakhale m'kapu ya tiyi mumalowa dothi. Ndimachiveka m'mawa ndikamasesa. Wailesi ija ndaifunditsa zaka zonsezi, inafapo?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, koma chimene chinatuluka ndi chiseko. Ndinakhala pansi pa simenti n'kuseka mpaka misozi. Amayi anayamba kukwiya, kundifunsa ngati ndapenga. Ndinakuwa kuitana abambo kuti abwere msanga, ndipo anabwera akudzikoka, akuganiza kuti ndi njoka.

Ndinapisa chala pansi pa chitenje n'kuyatsa kompyuta ili chivalire, ndinayatsa gemu, n'kuyamba kuyendetsa ndekha. Posakhalitsa mafani anayamba kulira ngati chigayo. Ndinapitiriza. Sikirini inati bii, ili m'manja mwanga, onse akuona.

"Mwaona abambo? Yazimira ine. Tagwirani apa."

Anawerama n'kuika dzanja pa chitenje, n'kulichotsa msanga. Bokosi linali lotentha ngati mbaula. Ndinawauza kuti khadi yaikulu ija imatentha ikamagwira ntchito, mafani aja ndi oti aziiziziritsa, ndipo ikasowa mpweya imadzizimitsa yokha kuti isapse. Iwo chitenjecho ankachiona tsiku lililonse, koma m'nyumba imene ngakhale filiji imavala, ndani akanachiganizira?

Abambo anayang'ana chitenjecho, dzanja lili m'malere. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye kuti si ine?"

"Si inu abambo. Simunali inu n'kamodzi komwe."

Anatembenukira kwa amayi pang'onopang'ono. "Mayi, inu mwakhala mukundithimitsira injini? Thiraki yonseyo mwaimanga chitenje pa radiyeta, pa Okutobala?"

"Ine ndimadziwa bwanji kuti chimapuma?" anatero amayi. Ndinaona kuti akufuna kulira, chifukwa iwonso mawu aja a kuseri anali atawamva, ndipo tsopano anazindikira kumene anachokera. Koma abambo anayamba kuseka, mapewa akugwedezeka, mpaka ndodo imodzi inagwa. Anati zaka zonse zimene anayenda pamsewu anaonapo injini ikufa ndi madzi, ndi oilo, ndi dizilo wosakaniza wa m'zigubu, koma yofa ndi ulemu anali asanaionepo. Amayi anawamenya ndi kansalu koluka kaja paphewa, akuseka ndi misozi yomwe.

Komabe pa nkhani ya fumbi amayi sananame. Nditasuzumira pa zenera paja, mafani anali atayamba kale kutuwa, chikhalirecho ankakhala ovala theka la tsiku. Tinakangana pang'ono, ine ndikuti mpweya, iwo akuti dothi. Kenako anapita kukhitchini n'kubwera ndi sefa yawo yakale ya ufa, imene thabwa lake linali litathyoka.

"Ufa umadutsa apa, mphale yokhakhala imatsala," anatero. "Mpweya wakowo sungadutse?"

Madzulo omwewo bambo wa mbaula uja anadula waya wa sefayo n'kuukhomera pa zenera. Matumbo anabisika pang'ono, mpweya ukulowa. Tinapangana kuti chitenje chizivalidwa kompyuta ikazimitsidwa ndipo yazizira, ndipo woyatsa aliyense aziyamba waivula. Maluwa apulasitiki ndinagonja, anasamukira pafupi ndi sikirini.

Mawa lake linali Loweruka. Abambo anasamba m'mamawa, anavala shati ya kolala, n'kupempha chipewa chawo chakale cha ku ntchito chimene chinali chitapachikidwa kuseri kwa chitseko chichokereni kuchipatala. Anavula kompyuta chitenje okha, anachipinda bwino, n'kusankha ulendo wautali kuposa onse umene unalipo. Ine ndinakhala pa mkeka ndikumvetsera mafani, mtima uli m'mwamba. Ankangolira pang'onopang'ono, mofatsa.

Amayi anaima pakhomo la kukhitchini akuonerera chapatali, ngati munthu amene akuopa kuti akayandikira aphanso china. Abambo anawaona. Anaimika thiraki m'mbali mwa msewu, anayatsa ma indiketa onse, n'kukoka mpando wina ndi ndodo kuuika kumanzere kwawo.

"Mayi, kwerani."

"Ine? Ndili ndi ntchito."

"Ntchito idikira. Kwerani, ndikuperekezeni."

Ndi pamene ndinakumbukira kuti pa zaka zonse zimene abambo anayendetsa thiraki, amayi sanakwerepo. Kampani inkaletsa kunyamula anthu, ndipo abambo anali munthu wosunga lamulo. Amayi ankangowakazingira mtedza wa paulendo, kuwaperekeza mpaka pamsewu, n'kubwerera kudzatilera. Ku Chipata komweku, pafupi pomwepa, ankapita pa minibasi.

Amayi analowa kukhitchini, ine n'kumati akana. Anatulukanso atamanga duku latsopano, ali ndi mbale ya mtedza wokazinga. Anakhala pampando paja mwaulemu, mawondo pamodzi, mbale pamiyendo. Abambo anayang'ana galasi, analiza hutala, thiraki n'kulowa mumsewu.

"Pang'onopang'onotu," anatero amayi atagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Musaope. Simunamve kuti dalaivala wake ndi wakale?"

Anayenda mpaka masana, amayi akuwapatsira mtedza m'dzanja, akufunsa za mapiri ndi milatho ya m'njira, abambo akuyankha ngati kwawo. Pakati pa ulendo thiraki yeniyeni inadutsa panja n'kuliza hutala kawiri, ndipo ndinazindikira kuti ndi mnzawo uja wa thaulo. Abambo sanayang'ane pansi. Anakuwa cha pa windo kuti, "Ndili pa ulendo, akulu! Ndanyamula abwana!"

Katundu anafika, kompyuta osazima. Atamaliza kubweza tirela, anazimitsa injini, anavula chipewa n'kupukuta thukuta. Kenako anandiuza kuti ndikatenge mpando wawo uja kuseri, ndikauike pakhonde, chifukwa mnzawoyo abwereranso madzulo ndipo pali zambiri zoti amuuze.